Kuchepetsa obwera kapena kumanga nyumba zambiri

Nyumba zikamasowa ndipo lendi ikamakwera, maboma amayang'ana njira ziwiri. Mu 2024 dziko la Canada linatsitsa chiwerengero cha anthu akunja ololedwa kukhazikika mu 2025 kuchoka pa 500,000 kufika pa 395,000, pomwe boma la Britain linalonjeza nyumba 1.5 miliyoni ku England.

Kuchepetsa obwera sikulira ndalama zambiri ndipo kumayamba msanga, koma kumachepetsanso amisiri omanga, popeza ena mwa iwo ndi obwera omwewo.

Kumanga kumadya ndalama, malo ndi zaka, pakuti ngakhale chilolezo chenichenicho chimachedwa. Komabe nyumba ikaima imatumikira mibadwo.

Njira yoyamba ikuyenera dziko limene anthu achuluka mwadzidzidzi. Yachiwiri, imene ndikuiona yodalirika, ikuyenera mizinda imene yakhala zaka zambiri osamanga mokwanira.