La Sportiva Bushido II pa phiri la miyala: imagwira thanthwe, koma samalani ndi sayizi

Aliyense wolimbitsa thupi pokwera ndi kutsika phiri limodzimodzi kasanu kapena kuposerapo amadziwa kuti nsapato imaonekera khalidwe potsika. Pokwera munthu amapita pang'onopang'ono, akuona poponda. Potsika ulendo wachinayi ntchafu zikunjenjemera, phazi limangogwera pomwe lagwerapo. Pamenepo ndi pomwe tikuiyezera Bushido II, nsapato yothamangira m'mapiri yopangidwa ndi La Sportiva, kampani ya ku Italy yomwe inayamba mu 1928 ndipo imadziwika ndi nsapato za okwera matanthwe.

Chabwino chake chachikulu ndi labala wa kunsi. Amamutcha FriXion Red, ndipo ndi wamitundu iwiri: wina wofewa womamatira pamwala, wina wolimbirapo kuti nsapato isathe msanga. Timano take ndi tatifupi, pafupifupi mamilimita 4, ndipo tina tinapendekera kutsogolo pomwe tina tinapendekera kumbuyo, kuti tizigwira pokwera komanso tizichita ngati mabuleki potsika. Kufupika kumeneku kuli ndi phindu pathanthwe. Timano tatitali timapindika munthu akaponda mwala wosalala, phazi n'kumagwedezeka. Tatifupi timalola labala wambiri kukhudza mwala. Timano tina tafika mpaka m'mphepete mwa soli, choncho mukaponda chammbali pathanthwe lopendekeka nsapato imagwirabe.

Pansi pa chikhatho cha phazi anaikapo chotchinga cholimba, ndipo kutsogolo kwa zala kuli chophimba cha pulasitiki. Mwala wosongoka umamveka ndithu, koma sulasa. Mukapunthwa, chala chachikulu chimapulumuka.

Nsapatoyi ndi yotsika, phazi limakhala pafupi ndi nthaka, ndipo chidendene chimakwera mamilimita 6 okha kuposa zala. Zimenezi zimathandiza kuteteza kakolo kuti asabinyike pamiyala yogubuduka. Koma amene anazolowera nsapato za chidendene chokwera mamilimita 10 kapena 12 adzamva akatumba ndi mtsempha wa kuchidendene zikukoka pokwera motsetsereka, chifukwa chidendene chimatsika kwambiri kuposa mmene chinazolowera. Masabata awiri oyamba ivaleni pa maulendo ochepa.

Vuto lenileni ndi sayizi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Bushido II ndi yopapatiza ndipo imakhala yaing'ono poyerekeza ndi nambala yolembedwapo, moti ambiri amawonjezera theka la sayizi kapena sayizi yathunthu. Yesani madzulo mapazi atatupa, mutavala masokosi omwe mudzathamangire. Pakati pa chala chachitali ndi kumapeto kwa nsapato pakhale mpata wa sentimita imodzi. Kenako imani potsetsereka mutayang'ana kumunsi. Zala zikagunda kutsogolo, musagule. Kugundagunda kumeneko, kukabwerezedwa potsika kasanu, n'kumene kumachititsa magazi kuundana pansi pa chikhadabo mpaka chide n'kuthothoka. Mangani zingwe pogwiritsa ntchito kabowo komaliza ka pamwamba: pangani kakhwekhwe mbali iliyonse, lowetsani chingwe cha mbali ina, kokani ndi kumanga, chidendene chikhale njii kumbuyo. Wa phazi lotambalala asadzikakamize, nsapatoyi sifutukuka kwenikweni ikamakalamba.

Ndi yolimbanso kunsi. Pa masewera a ola limodzi kapena awiri zimenezi n'zabwino chifukwa phazi limamva chomwe laponda. Tsiku lonse pamiyala, mapazi amatentha. Pamsewu wa tala imagogoda ndipo timano timatha msanga. M'matope akuya timano tatifupito timadzaza, pamenepo pamafunika nsapato ya mano ataliatali ngati Salomon Speedcross. Pathanthwe lonyowa imachita bwino kuposa zambiri, koma pamwala wa ndere palibe labala amene amagwira.

Kuti muiyese bwino komanso mupindule, sankhani mtunda womwe mungakwere mphindi ziwiri kapena zitatu. Yambani ndi mphindi 10 mpaka 15 zothamanga pang'onopang'ono pamalo athyathyathya. Kwerani kanayi, pa liwiro lomwe mungathe kunena mawu atatu kapena anayi musanapume. Ulendo womaliza utenge nthawi yofanana ndi woyamba. Ukachedwa kwambiri ndiye kuti munayamba ndi phuma. Pondani mofupikitsa, thupi lipendekere kutsogolo kuyambira mu akakolo, osapinda m'chiuno chifukwa kutero kumapanikiza mpweya. Pomwe pakwera kwambiri yendani mwachangu manja ali pantchafu, mtima umagwirabe ntchito yomweyo.

Potsika yendani, makamaka masabata oyamba. Potsika minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira thupi uku ikutambasuka, ndipo ululu wake umadzamveka kwambiri patapita tsiku limodzi kapena awiri. Wonjezerani ulendo umodzi wokwera pa sabata, kuchita masewerawa kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira, ndipo siyani maola osachepera 48 pakati pake. Nsapato yogwira bwino chonchi imapatsa munthu mtima wothamanga potsika mawondo asanakonzeke, ndiye dzigwireni.

Mukamaliza, chotsani kansalu kopondapo ka mkati, tsukani ndi madzi ozizira ndipo yanikani pamthunzi. Moto ndi dzuwa lamphamvu zimamatula guluu. Muziyang'ana timano ta pansi pa chala chachikulu ndi ta m'mphepete mwa chidendene, ndito timayamba kutha. Tikasalala n'kukhala tobulungira, nsapato imayamba kuterera potsika ngakhale pamwamba ikuoneka yatsopano, ndipo nthawi yoisintha yakwana.