adr-tools: kachida kosungira zifukwa za kamangidwe ka pulogalamu

Aliyense amene analowapo m'gulu lolemba mapulogalamu ntchito itapita kale patali amadziwa kuti khodi (malangizo amene amalembera kompyuta) imaonetsa zimene anthu anachita, koma siinena chifukwa chimene anachitira zimenezo. Ukapeza chinthu chooneka chachilendo m'kamangidwe kake, umatsala ndi njira ziwiri: kuchisiya momwemo chifukwa cha mantha, kapena kuchisintha mwachimbulimbuli n'kugumula zimene anzako anavutikira. Michael Nygard, katswiri wa kamangidwe ka mapulogalamu, anafotokoza vutoli mu 2011, ndipo anapereka njira yolembera chiganizo chilichonse chachikulu pa tsamba limodzi kapena awiri, m'zigawo zisanu: mutu, mmene zinthu zinalili, chiganizocho, pamene chafika, ndi zotsatira zake. Zolemba zoterezi zimatchedwa ADR (chidule cha Architecture Decision Record), ndipo adr-tools, imene inalembedwa ndi Nat Pryce, ndi kachida kaulere kothandiza kuzisamala.

Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta. Ukalemba adr init pa terminal (malo olembapo malamulo opita kwa kompyuta), kamapanga foda ya doc/adr pamodzi ndi fayilo yoyamba, yomwe imanena za chiganizo choyamba kumene, chakuti gulu lizilemba ziganizo zake. Ukalemba adr new n'kuwonjezera mutu, kamatsegula fayilo yatsopano ya Markdown (kalembedwe kosavuta ka mawu okhaokha) yokhala ndi nambala yotsatira, tsiku ndi zigawo zoti udzaze. Popeza mafayilowa amakhala mu Git (pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo) limodzi ndi khodi, amaunikidwa ndi anzako monga mmene khodi imaunikidwira, ndipo sasochera m'maimelo kapena m'mitu ya anthu amene anasiya ntchito kalekale.

Chimene chandisangalatsa koposa ndi mmene kamachitira ndi chiganizo chimene chatha ntchito. Sikafufuta chakalecho, koma ukalemba adr new -s ndi nambala yake, kamalemba m'fayilo yakaleyo kuti yalowedwa m'malo ndi yatsopano, n'kulumikiza ziwirizo. Kufunika kwa zimenezi ndinakuona mnzathu wina watsopano atafuna kuchotsa database (nkhokwe yosungira zinthu mu kompyuta) yachiwiri imene malipoti athu ankawerengedwamo, poganiza kuti inkangowonjezera ntchito. Atatsegula ADR yonena za database imeneyi anapeza kuti malipoti olemera ankachedwetsa database yaikulu masana, nthawi imene makasitomala amakhala ambiri, ndipo m'gawo la zotsatira tinavomereza poyera kuti manambala a m'malipoti azitsalira pang'ono. Funso lake linasintha pomwepo. Sanafunsenso kuti ndani anapanga zachabezi, koma anafunsa ngati vuto lija lidakalipo, ndipo limeneli ndi funso limene lingayezedwe n'kuyankhidwa.

Zofooka zilipo, ndipo zina si zazing'ono. Kachidaka kanalembedwa mu Bash, chilankhulo cha malamulo a pa terminal, choncho pa Linux ndi macOS kamayenda bwino, pamene a Windows ayenera kudzera pa Git Bash kapena WSL, zida zoyendetsera Bash pa Windows. Fayilo yatsopano iliyonse imabadwa italembedwa kale kuti chiganizo chavomerezedwa, ngakhale gulu lisanakambirane, zomwe zimakopa munthu kulemba ADR zonse zitatha ngati mwambo chabe. Chachikulu kwa ine n'chakuti mulibe gawo la njira zina zimene zinaganiziridwa n'kukanidwa, chonsecho apa ndi pamene pamagona nkhani, chifukwa wobwera m'mbuyo nthawi zambiri amafika ndi maganizo omwewo amene anzake anawayesa kale. MADR, kalembedwe kena ka ADR, ili nalo gawoli, ndipo mwamwayi adr-tools imalola kuika template yanuyanu (fayilo yachitsanzo yopangira ADR zatsopano) yokhala ndi gawoli, zomwe ndingalangize gulu lililonse kuchita tsiku loyamba lomwe.

Palinso adr generate toc yopanga mndandanda wa mitu, ndi adr generate graph yojambula mmene ziganizo zikulumikizirana kudzera mu pulogalamu yojambula ya Graphviz, koma ineyo chithunzicho sindinachipezere ntchito kwenikweni.

Kunena zoona, zonse zimene kachidaka kamachita munthu angathe kuzichita pamanja pokopera fayilo imodzi, ndipo sikangalembere aliyense chifukwa chimene iye mwini sanachiganizire bwino. Phindu lake ndi lakuti kamachotsa chowiringula chakuti kulemba kumadya nthawi, ndiponso kamasunga manambala ndi maulalo mwadongosolo. Kwa gulu laling'ono lozolowera terminal, n'kokwanira. Kumene ziganizo zimawerengedwanso ndi mabwana osagwiritsa ntchito Git, padzafunika njira ina yoonetsera mafayilowa, monga Log4brains, imene imawasandutsa masamba owerengeka pa browser.