Fupa la paphewa likathyoka: kukoleka mkono kapena opaleshoni?

Munthu akagwa pa kabaza kapena pangolo amafikira phewa, ndipo lothyoka nthawi zambiri ndi fupa lopingasa lochokera m'munsi mwa khosi kukafika paphewa, lomwe madokotala amati clavicle. Kawirikawiri limathyokera chapakati. Chikhakha sichigwira pamenepa, choncho njira ndi ziwiri.

Ngati X-ray yaonetsa kuti zidutswa sizinatalikirane, kukoleka mkono m'nsalu yomangira m'khosi n'kokwanira, ndipo izi zimatheka pachipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Chigongono chikhale chopinda, dzanja lili pachifuwa. Fupa la mwana limagwirana m'masabata 3 mpaka 6, la wamkulu 6 mpaka 12. Chovuta kuno kuchigwa ndi kutentha: thukuta limadikha m'khwapa, khungu n'kuyamba kunyuka. Tsiku lililonse weramirani kutsogolo kuti mkono ulendewere wokha, pukutani m'khwapamo ndi kansalu konyowa, muumitse. Muziwongolanso chigongono ndi zala kuti zisaume. Kachotupa kolimba kotuluka pothyokapo musakatemere mphini. Limenelo ndi fupa latsopano.

Opaleshoni ndi ya pamene fupa laboola khungu kapena lalitukula ngati likufuna kutulukira, dzanja lachita dzanzi kapena lazizira, kapena zidutswa zakwerana mpaka fupa kufupika kupitirira masentimita 2. Apa ulendo ndi wokwera mapiri a Thabwa kupita kuchipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre. Dokotala amabwezera fupa m'malo mwake n'kuyalapo kachitsulo komanga ndi ma screw, kawirikawiri atatu mbali iliyonse. Fupa lotalikirana chotere likangokolekedwa, mwa akuluakulu pafupifupi mmodzi pa 7 aliyense siligwirana. Ndi chitsulo zimenezi zimachitika mwa apo ndi apo. Koma bala likhoza kuchita mafinya, m'munsi mwa chipsera mumatsala dzanzi, ndipo poti khungu pamenepa n'lopyapyala, chitsulo chimapweteka posenza thumba paphewa. Ena amakachichotsetsa pakatha chaka, kutanthauza opaleshoni yachiwiri ndi thiransipoti ina.

Kwa ambiri, makamaka ana, nsalu ndiyo yabwino, ndipo pakatha chaka mkono umagwira ntchito mofanana ndi wa wochitidwa opaleshoni. Chimene chimaononga njira zonse ziwiri ndi changu. Ululu ukangochepa pa sabata yachitatu, wodula nzimbe ku Nchalo watenga kale chikwanje, msodzi wagwira nkhafi, fupa lidakali lanthete. Khasu, nkhafi ndi katundu wolemera zidikire miyezi itatu, kapena mpaka X-ray yachiwiri itatsimikiza. Wosuta fodya asiye kaye, chifukwa fodya amachedwetsa fupa kugwirana.