Mowa wa Chijeremani ku America: wobwera pa sitima kapena wofululidwa konkuno?

Mukaima pa firiji ya m'sitolo ya mowa kuno ku America, mabotolo a ku Germany mumachita kuwafunafuna. Amakhala pakona, Paulaner, Bitburger, Ayinger, Weihenstephaner, pomwe zitini za IPA, mtundu wa mowa wowawa wonunkhira zipatso, zadzaza mashelefu onse. Koma amene anaphunzitsa dziko lino kumwa lager, mowa wofululidwa pozizira, ndi Ajeremani omwewo: Yuengling anayamba kufulula ku Pottsville mu 1829, kenako kunabwera a Busch, Miller, Pabst ndi Coors. Patapita nthawi, ofulula a kuno anayamba kuthiramo mpunga ndi chimanga, mowa n'kupepuka mpaka kutsala pang'ono kukhala madzi.

Wochokera ku Germany uli ndi mbiri yake. Lamulo la Reinheitsgebot la mu 1516 ku Bavaria linkalola madzi, balere ndi hops (maluwa owawitsa mowa) basi, yisiti inadzawonjezeredwa pambuyo pake. N'chifukwa chake helles, lager yowala ya ku Munich, imamveka chimera chenicheni, ngati buledi wongotuluka kumene mu uvuni. Hefeweizen, mowa wa tirigu, imanunkhira nthochi chifukwa cha yisiti, ngakhale mulibe nthochi. Vuto ndi ulendo. Mowa woterewu ulibe pobisala. Ukakhala masabata panyanja, kenako m'nyumba zosungiramo katundu, kenako pa shelefu pomwe ogula ndi ochepa, umafika utazilala. Ndinagulapo pilsner, mtundu wina wa lager, ya m'botolo lobiriwira yomwe inakhalitsa pa kuwala. Nditangotsegula, fungo lake ngati kanyimbi wadutsa. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndatembenuza botolo kuona deti, ndipo ndikapeza wa m'chitini ndimatenga umenewo.

Muziwerenganso bwino chizindikiro. Beck's yogulitsidwa kuno inayamba kufululidwa ku St. Louis mu 2012, ndipo nkhaniyo inakafika kukhoti chifukwa ogula ankaona ngati ikuchokerabe ku Bremen ku Germany.

Tsono wofululidwa konkuno mwa Chijeremani ndi umene ukundikopa masiku ano. Mafakitale ang'onoang'ono a mowa ku America anapitirira 9,000, ndipo ambiri anakulira pa IPA, wowawa uja wonunkhira zipatso. Anthu ena atopa nawo. Sungamwe matambula atatu a mowa wa 7 peresenti n'kumachezabe bwinobwino, pomwe helles ya 5 peresenti imakulola kukhala pa benchi mpaka dzuwa kulowa. Ku Denver, Bierstadt Lagerhaus amathira pilsner yawo pang'onopang'ono, mphindi zingapo, thovu n'kutukumuka pamwamba pa tambula ngati mtanda wa nsima. Mowa umenewo sunaone nyanja. Sierra Nevada, amene anatchuka ndi Pale Ale, kwa zaka zingapo akhala akufulula mowa wa Oktoberfest, chikondwerero cha mowa cha Chijeremani, mogwirizana ndi ofulula a ku Germany. Chovuta chake n'chakuti lager imafuna masabata ambiri m'thanki yozizira, ndiye fakitale yaing'ono yothamangira ndalama imautulutsa usanapse. Ena amangolemba "Kölsch", dzina la mowa wa ku Cologne ku Germany, pa chitini, m'kati muli zina.

Pa mtengo sasiyana kwambiri, ndipo nthawi zina wa ku Germany ndi umene umatsikirapo.

Pali mitundu ina yomwe sindisinthanitsa. Rauchbier ya Schlenkerla ya ku Bamberg, yonunkhira utsi ngati nyama yowamba, kapena doppelbock, lager yamphamvu kwambiri, ngati Celebrator, imapirira ulendo, ndipo ya konkuno yofanana nayo sindinaipeze. Koma pilsner ndi helles ndimagula za fakitale yapafupi.

Kunena zoti mowa wa ku Germany udzalanda msika wa kuno, ndikukayika. Mowa wakunja umene Amereka amaukonda ndi wa ku Mexico, moti Modelo Especial inapitirira Bud Light mu 2023. Wa ku Germany umakumbukiridwa mu Seputembala, ku Oktoberfest ya ku Cincinnati kapena ku Hofbräuhaus ya ku Las Vegas, anthu atanyamula matambula a lita imodzi. Ikafika Novembala mabotolo otsala amabwerera pakona paja.