Kusamutsira makompyuta ku seva yatsopano ndi Kaspersky Security Center

Kaspersky Security Center ndi pulogalamu imene woyang'anira makompyuta a kampani amagwiritsa ntchito polamulira antivirus ya makina onse iye ali pamalo amodzi, ndipo luso lake limaoneka bwino pamene seva yakale, kompyuta yaikulu imene pulogalamuyi imakhalamo, yatopa moti makompyuta ayenera kuyamba kumvera seva ina. Pa ntchito imeneyi ndimaiyamikira kwambiri, bola seva yakaleyo ikhale ikugwirabe ntchito.

Mu kompyuta iliyonse mumakhala kapulogalamu kotchedwa Network Agent, kamene kamasunga adiresi ya seva ndi satifiketi yake (chizindikiro chotsimikizira sevayo), ndipo kamalankhula ndi sevayo pa port (khomo lolumikizirana) 13000 pakatha mphindi 15 zilizonse ngati woyang'anira sanasinthe nthawiyo. Kusamutsa ndiko kuuza kapulogalamuka kuti kayambe kukhulupirira seva ina. Pa seva yakale mumakonza ntchito yotchedwa Change Administration Server, n'kusankha makompyuta ofunika kusamuka, ndipo iliyonse imalandira lamulolo ikangolumikizana ndi sevayo. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti wogwira ntchito pa kompyutayo sasokonezedwa, komanso kusamutsako kungathe kuchitika m'magulu, kuyambira ndi makina ochepa oyesera ofesi yonse isanakhudzidwe.

Seva yakale ikafa mwadzidzidzi, zinthu zimalemera. Pamenepo njira imodzi ndi klmover, kachida kopezeka mu foda ya Network Agent, kamene mumayendetsa pa kompyuta iliyonse ndi mphamvu za administrator, n'kulemba adiresi ya seva yatsopano. Kamagwira ntchito mokhulupirika, ndipo mnzake klnagchk amaonetsa ngati kulumikizana kwatheka, koma aliyense amene amayang'anira makina omwazikana m'nthambi zakutali akudziwa kutopetsa kwa kuyenda kompyuta ndi kompyuta. N'chifukwa chake klbackup, imene imasunga kope la database ya seva pamodzi ndi satifiketi, ndimaiona ngati chida chofunika koposa pa zonsezi: mukabwezeretsa zosungidwazo pa seva yatsopano yokhala ndi dzina lakale lomwelo, makompyuta amapitiriza kulumikizana osadziwa kuti pasintha kanthu.

Pamene ndikanakonda pulogalamuyi itachita bwinopo ndi pa malamulo ndi magulu. Makompyuta okha ndi amene amasamuka, malamulo a chitetezo (policy) satsagana nawo, ndipo akafika amayamba agwera m'gulu la Unassigned devices (makompyuta amene sanaikidwe m'gulu lililonse) pokhapokha mutakonzeratu malamulo owaika m'magulu awo. Woyang'anira amene sanatulutse policy ku seva yakale n'kuilowetsa ku yatsopano amapeza makina olumikizidwa koma osalamulidwa monga ankafunira.

Ma laputopu a anthu amene ali kutchuthi kapena kuntchito zakunja kwa ofesi ndi amene amatsalira nthawi zambiri, choncho seva yakale isazimitsidwe mpaka mndandanda wa makompyuta pa seva yatsopano utafanana ndi wakale. Kampani imene inalemba dzina la seva la pa netiweki (dzina la DNS) m'malo mwa adiresi yake ya manambala (IP) poika Network Agent imakhala itadzichepetsera ntchitoyi kuyambira pachiyambi, chifukwa dzinalo lingathe kupatsidwa kwa seva yatsopano.