Windows Server 2022 pa ofesi yathu ku Dedza, patatha chaka ndi miyezi

Invoisi ya amene anatigulitsa seva yafika sabata ino, ndiye ndati ndilembe. Akufuna ndalama za ma CAL, ziphaso zimene Windows Server Standard imafuna pa munthu aliyense kapena kompyuta iliyonse yolowa pa seva. Tsiku logula sanatchuleko zimenezi ngakhale pang'ono.

Ndife kopaletivi ya alimi a kachewere ndi nyemba pa boma pano, makompyuta 14. Active Directory, yosunga maakaunti a ogwira ntchito onse pa seva, ilibe vuto: munthu akasiya ntchito, ndimatseka akaunti yake pamalo amodzi basi. Group Policy, yoikira malamulo pa makompyuta onse nthawi imodzi, inathetsa nkhani ya mafulashi obwera ndi mavairasi. M'chipinda cha seva sitinaikemo choziziritsira. Mu Juni ndi Julaye kuno mphepo imagwira ntchitoyo ulere.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi mmene anatitcherera WSUS, pulogalamu ya mu seva yogawira makompyuta ma update a Windows. Nzeru yake ndi yabwino: seva ikoke ma update kamodzi, makompyuta onse azitapa kwa iyo, osati iliyonse kudya bandulo payokha Microsoft ikatulutsa zigamba pa Lachiwiri lachiwiri la mwezi. Koma mnyamata amene ogulitsa anamutuma kuchokera ku Lilongwe anangochonga chilichonse: zilankhulo zonse, madalaiva, Office zakalekale, mpaka Windows zimene tilibe n'komwe. Seva inayamba kukoka usana ndi usiku. Bandulo inkatha mwezi usanafike pakati, diski inadzaza, konsolo yoyendetsera WSUS ndikaitsegula inkangondiuza kuti "Reset Server Node". Ndikaimba foni, yankho linali limodzi: "Bwana, tibwera Lachisanu." Atabwera, anazimitsa, kuyatsa, n'kupempha ya mafuta.

Ndinakhala nayo pansi ndekha. Chilankhulo ndinasiya Chingerezi chokha, ndi Windows 10, Windows 11 komanso Defender, madalaiva ndinawachotsa. Mu IIS, pulogalamu ya mu seva imene WSUS imadalira, muli gawo lotchedwa WsusPool. WsusPool imabwera ndi malire a memory pafupifupi 1.8 GB, ikapyola pamenepo konsolo imagwa. Ndinawakweza. Cleanup Wizard, yochotsa ma update akale osafunikanso, ndimaiyendetsa mwezi ndi mwezi, chifukwa ukailekerera database imatupa. Kuchokera apo bandulo ikumafika kumapeto a mwezi, ndipo update iliyonse ndimayamba ndaiyesa pa makompyuta awiri ndisanaivomereze kwa onse. Nthawi imeneyo mukanandifunsa, ndikanati ndalama yathu sinapite m'madzi.

Lero mtima wasintha pang'ono. Mu Seputembala 2024 Microsoft inalengeza kuti siwonjezeranso zatsopano mu WSUS. Ikugwirabe ntchito, inde, koma njira imene akulozera ndi monga Intune, yoyendetsera makompyuta kudzera pa intaneti, yolipira mwezi uliwonse pa mtengo wotsata dola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komiti yathu ikangomva za dola imayang'ana kumbali. M'malo mwa Windows Server, pulogalamu yaulere ya Ubuntu Server yokhala ndi Samba ingagwire za maakaunti popanda chiphaso cholipira, kungoti ma update a Windows siiyendetsa, ndipo wodziwa kuikonza ikavuta ndi wosowa kuno.

Chikundiwawa kwambiri n'choti pali Windows Server ina yotchedwa Essentials, ya anthu osapitirira 25 ndi zipangizo 50, yosafuna ma CAL, imene imagulitsidwa limodzi ndi makina ake. Ife sitikwana n'komwe 20. Ogulitsa ankadziwa kukula kwa ofesi yathu, anachita kuwerenga okha matebulo.

Ma CAL tilipira, poti chiphaso chikutero. Koma mzere wa ndalama za chithandizo cha pachaka ndaukhwatcha ndi cholembera chofiira, invoisiyo ndaibweza, ndipo a tcheya asainira kuti tifunse mitengo kwa ena.