Kabokosi ka Cotman ndi cholembera cha Micron kwa amene akungoyamba kujambula gombe

Ana asukulu anga kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, amandifunsa kuti zithunzi za nyanja zimene ndinakhoma m'kalasi ndimazijambula ndi chiyani. Ndi zinthu ziwiri zokha: kabokosi ka penti wosungunula ndi madzi ka Cotman, kopangidwa ndi Winsor & Newton, kampani ya ku London yomwe inayamba mu 1832, ndi cholembera cha Pigma Micron cha kampani ya Sakura ya ku Japan. Anandibweretsera ndi mlongo wanga kuchokera ku Joni, ndipo kwa munthu wongoyamba kumene sindikuona china choposa izi.

Kabokosika kamalowa m'thumba la jekete. Muli timabuledi ta penti 12 ndi kaburashi, ndipo chivundikiro chake ndi momwe mumasakanizira. Mitundu imene ndimaidalira ndi itatu: ultramarine (buluu), burnt sienna (wofiirira ngati katondo) ndi yellow ochre (wachikasu chodera). Ongoyamba amathamangira buluu poganiza kuti nyanja iliyonse ndi yabuluu. Amene anafikako ku Beira akudziwa kuti madzi a kumeneko amakhala odera chifukwa cha matope omwe mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imakathira. Pojambula gombe la Macuti ndi nsanja yake younikira zombo, ndinasakaniza ochre ndi kadontho ka ultramarine, madziwo n'kutuluka momwe ndinawaonera. Ultramarine ndi burnt sienna zikakumana zimapereka mtundu wotuwa, wokwanira bwino mitambo ya mvula, miyala ya ku Cahora Bassa ngakhale khungwa la mlambe. Penti ameneyu amasungunuka msanga, ndipo akauma sasiya ufa papepala monga amachitira wa ana uja wa pamsika.

Cholemberacho ndiye chimalimbitsa mtima. Inki yake ikauma sisuluka ndi madzi, choncho mumayamba mwalemba bwato, msodzi ndi ukonde wake, kenaka n'kupaka penti pamwamba mizere ili chilili. Ine ndimakonda cha 03, nambala yosonyeza kukula kwa nsonga yake. Mzere wolekanitsa thambo ndi madzi musaulembe ndi inki, pensulo yopepuka imakwana, apo ayi chithunzi chimaoneka chouma.

Pepala lokha musaumire nalo ndalama. La m'kope limakwinyika likangonyowa. Funani lochindikala, la magalamu 300 pa sikweya mita, mulimate m'mbali ndi tepi pa kathabwa. Thovu la mafunde silifuna penti woyera, mumangosiya pepalalo osalipaka. Mugulenso burashi yokulirapo yopakira thambo, pakuti kam'bokosi kaja ndi ka zinthu zing'onozing'ono monga mlongoti wa bwato.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Ku Angónia kuno kumazizira, penti amakupatsani mpata wosakaniza mitundu ikadali yonyowa. Mumzinda wa Tete mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo thambo limauma musanalimalize, n'kusiya mikwingwirima. Ndikakhala kumeneko ndimakhala pafupi ndi mlatho wa Samora Machel m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo ndimayamba ndanyowetsa pepala ndi madzi oyera. Simukufunika kudikira ulendo wa ku Beira kuti muyambe: mchenga, mabwato ndi kunyezimira kwa madzi a Zambezi zimaphunzitsa dzanja zomwezo, ndipo timabuledi tija tikatha mumagula mtundu womwe wathawo pawokha osataya bokosi.